Ntchito yogwetsa chimimba: zomwe ndakhala ndikulemba kuyambira Febuluwale 2024

3 Febuluwale 2024

Dzulo kuntchito kunabwera anthu oyeza BP, ine ndinaima pamzere mongoperekeza anzanga osadziwa kuti wopezeka ndi vuto ndikhala ineyo. Ndili ndi zaka 43, ndimakhala ku Bangwe, ntchito yanga ndi ya pa desiki ku Ginnery Corner, tsiku lonse pampando basi. Anesi atandimanga chija pamkono anangoti "bambo takhalani kaye mphindi zisanu tiyezenso." Kuyezanso, 146/92. Sikelo inati 91 kg. Shuga anakana kuyeza poti ndinali nditamwa kale tiyi ndi mandasi awiri, akuti ndikayezetse m'mawa ndisanalawe kanthu.

Chandiopsa si manambalawo ayi, ndi malume anga omwe anagwa ndi sitiroko chaka chatha ali kumunda, mpaka lero dzanja lamanja silikugwira ndipo polankhula mawu amatuluka mokokeka. Bambo anga nawo anamwalira ali pa mankhwala a shuga. Nde ndati ndizilemba zonse, ndalama zomwe zituluke ndi pomwe ndilakwitse, mwina wina zimuthandiza.

10 Febuluwale

Ndinakayezetsa magazi kuchipatala cholipira, K38,000, zinandiwawa koma basi. Shuga wa m'mawa osadya 6.2. Mafuta a m'magazi omwe amati triglycerides 2.1. Ena aja abwino, HDL, 1.1.

Adokotala anatembenuza lisiti nkuyamba kulemba kumbuyo kwake. Akuti pali zinthu zisanu zomwe zimakonda kuyendera limodzi ngati gulu la akuba, ndipo ukapezeka ndi zitatu amati uli ndi metabolic syndrome. M'chiuno kupitirira 94 cm kwa mwamuna kapena 80 cm kwa mkazi, BP kuyambira 130/85, shuga wa m'mawa kuyambira 5.6, triglycerides kuyambira 1.7, ndi HDL yotsika, pansi pa 1.0 kwa amuna ndi 1.3 kwa amayi. Ine zinayi zandigwira, HDL yokha ndi yomwe yandimvera chisoni. "Matenda a shuga enieni timawatchula kuyambira pa 7.0, inu simunalowe koma mwaima pakhomo, ndiye musagogode." Za BP anati tione miyezi ingapo ndikusintha kadyedwe, ikapanda kutsika tikambirana za mapilitsi.

Anandiuzanso za kafukufuku wa ku America, Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu oima pakhomo ngati ine anauzidwa kuti atsitse 7% ya kulemera kwawo ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58%. Ndawerengetsera, 7% ya 91 ndi makilo 6 ndi kanthu. Pomwe ndikulowera ndi pa 84.5, osati kukhala ngati mnyamata wa mpira.

Chida choyamba: tepi ya atelala, K1,000 mumsika wa Limbe. Kulakwitsa koyambanso pomwepo. Ndinadziyeza pomwe pamadutsa lamba, pansi pa mimba, ikuti 96, ine kusekerera kuti aaa si ndatsala pang'ono. Mayi akunyumba anandilanda tepi. Poyeza penipeni ndi pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, chapamchombo, utatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba ngati ukujambulitsa. Inati 104.

2 Malichi

Ndinayamba ndi shuga wa mu tiyi poganiza kuti ndi chophweka. Nditawerenga ndinachita manyazi: masipuni 4 pa kapu, makapu atatu patsiku, masipuni 12. Sipuni yaing'ono imodzi ndi pafupifupi magalamu 4, nde ndi 48 kale ndisanawerengere Fanta wa pa lanchi, ndipo botolo limodzi la zakumwa zotere limakhala ndi masipuni 7 kapena 8. A WHO amati tisapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku ndipo zingakhale bwino kwambiri titatsika mpaka 25, masipuni 6 basi, kuphatikizapo wobisala mu buledi, sobo, thobwa ndi zina zonse.

Ndinasiya zonse tsiku limodzi ngati munthu wolapa pa chitsitsimutso. Ndinapirira masiku asanu ndi limodzi. Tiyi wopanda shuga amandikomera ngati madzi otsukira mbale, mutu kumangowawa, kuntchito ndinakalipira mwana wa intern pa nkhani yopanda mutu, ndipo Lachisanu madzulo ndinapezeka pa depoti ndili ndi mandasi anayi m'pepala ndi Fanta mmanja. Ndinadya nditaima.

Chomwe chagwira ndi kuchotsa sipuni imodzi pa sabata. Pano ndili pa awiri, makapu awiri. Zakumwa za m'botolo ndazisiya pakati pa sabata, ndimanyamula madzi m'botolo la malita awiri, Lamlungu lokha ndimamwa limodzi. Shuga naye wakwera mtengo ndipo masiku ano akumasowa m'mashopu, nde mayi pa ichi chokha sanatsutse, akuti ndikanayamba kale.

23 Malichi

Kuyenda. Jimu ndinafunsa mtengo nkubwerera pakhomo. Pulani ndi yoti minibasi yochokera ku Limbe ndizitsikira pa Chichiri pafupi ndi sitediyamu, kwatsalako ndiziponda mpaka Ginnery Corner, mphindi 25 ndikamayenda mwachangu moti kulankhula ndikutha koma kuyimba ayi. Musayembekeze kupulumutsa ndalama apa, kondakitala amadula mtengo womwewo olo utsikire panjira, ndinayesa kukambirana naye anangoti "bigi, mwatsika mwakufuna kwanu."

Zomwe zinavuta. Nsapato za ku ofesi zinandichita matuza awiri kuchidendene sabata yoyamba. Ndinagula zapakaunjika K18,000, zooneka bwino ndithu, patatha masiku khumi soli inayasama ngati ng'ona pa Poly pomwe, wosoka nsapato anadula K1,500 ndipo mpaka pano zili bho. Phunziro, pindani nsapato pakati musanapereke ndalama, rabala yokalamba imaonetsa ming'alu. Thukuta nalo, tsiku loyamba ndinafika shati itamatirira kumsana, pano ndimayenda ndi tisheti, shati ndi kathawulo zili m'chikwama.

Koma chopusa chenicheni ndinachita Loweruka lina. Anyamata a m'dera mwathu amathamanga m'mawa kukwera chitunda, ine ndi makilo 90 anga nkuwatsatira kuti nanenso ndione. Bondo lakumanzere linatupa, masiku asanu ndi atatu osayenda, kukwera minibasi mochita kugwirira chitseko. Munthu wa mimba ngati yanga ayambe ndi kuyenda, kuthamanga kudikire.

Sikelo 89.5, tepi 102.

20 Epulo

Apa nde panali nkhondo, ndipo ndilemba motalika chifukwa ndaona kuti ntchito yonseyi imathera pa mphika wa nsima. Zina zonse ungachite wekha mwakachetechete, koma nsima ndi ya banja lonse.

Ine madzulo ndinkadya mitanda inayi ya ufa woyera, ndiwo pang'ono zongopititsira. Anesi anati ndiyese mgaiwa poti gaga sachotsedwa nde umakhalitsa m'mimba, koma anachenjeza kuti mgaiwa nawonso ndi chimanga, ukadya mitanda inayi shuga akwera basi, nkhani yaikulu ndi kuchuluka. Nditafika nazo kunyumba mayi anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Mgaiwa? Inu abambo, tili kundende kapena ku boding'i? Akabwera alendo aziti pakhomo pano pagwa chiyani?" Ana nawo akuti adadi nsima yake ikukanda pakhosi. Masiku atatu anandiphikira kamphika kangakanga, makala kumapita kawiri, nkhope zili gwa, ndinaona kuti izi sizipita patali.

Chinawagonjetsa si nkhani ya thanzi ayi, ndi thumba. Chaka chino mvula yavuta, mwezi wathawu a Pulezidenti alengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, chimanga tinagula K35,000 thumba la 50 kg. Ukakonola, kuviika, kuyanika, gawo lalikulu ndithu limapita ku gaga, kuchigayonso umalipira kawiri. Mgaiwa umangogayitsa kamodzi, chonse chimalowa m'mphika. Mayi atawerengera okha anati tiyese kusakaniza theka ndi theka. Pano ndi zomwe tikudya tonse, alendo akabwera timawaphikira woyera, palibe mlandu.

Kulakwitsa kwanga, ndinagayitsa mgaiwa wambiri nthawi imodzi, ndowa yonse. Sabata yachinayi unayamba kafungo ndi kuwawira. Mtima wa chimanga uli ndi mafuta nde mgaiwa umawonongeka msanga kuposa ufa woyera. Wotsalawo tinapatsa nkhuku za aneba. Tsopano timagayitsa wa masabata awiri okha, ndipo ukachoka kuchigayo uli wotentha timauyala kaye uzizire tisanautsekere.

Mitanda ndatsika kufika pa iwiri. Sabata yoyamba njala imandidzutsa cha m'ma 10 usiku, ndinagwidwa kawiri ndili ndi buledi kukhitchini mumdima ngati khoswe. Chokonza chake, mbale ya ndiwo ikule. Theka la mbale likhale masamba, mpiru, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chilichonse chomwe chatchipa tsikulo, kenako nyemba kapena usipa, ndipo ndimayamba kudya ndiwo nsima isanafike pakamwa. Cha m'ma 4 madzulo ndimatafuna mtedza wodzaza dzanja limodzi, limodzi lokha, poti nawonso ndi mafuta.

Lanchi ya pachiwaya, tchipisi ndi kachidutswa ka nkhuku K3,000 tsiku lililonse, ndasiya. Ndimanyamula kontena: mbatata yophika, dzira, masamba otsala dzulo. Anzanga akuti "akulu, Januwale sanathebe kwanu?" kkkk. Mafuta ophikira tayamba kuthira ndi sipuni osati kupendeketsa botolo, la malita awiri lomwe limatha masabata awiri pano likupitirira mwezi.

18 Meyi

Dzulo linali tsiku lokumbukira matenda a BP padziko lonse, pawailesi amakumbutsa zomwe anapeza a unduna wa zaumoyo ndi WHO mu 2009, kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno mmodzi mwa atatu BP yake ndi yokwera ndipo ambiri sadziwa nkomwe. Ine ndinali m'gulu la osadziwalo.

Ndagula makina a BP a pamkono, K58,000. Masiku oyamba amandipatsa 160, 165, ndinasowa tulo. Nditapita nawo kwa anesi anaseka, lamba wake anali wamng'ono pa mkono wanga, ndipo lamba wothina amanamiza kuti BP yakwera. Wamkulu ndinagula padera K14,000, ndalama yomwe sikanatuluka ndikanayeza mkono ndi tepi yomwe ija ndisanagule. Komanso ndimadziyeza ndikangofika kuchokera koyenda, nditapinda miyendo, ndikukalipira ana. Zoyenera: khala phee mphindi zisanu, msana utsamire, mapazi pansi, mkono pa tebulo molingana ndi mtima, osalankhula, osamwa tiyi kapena khofi mphindi 30 usanayeze. Ndikatero ndikupeza cha m'ma 140/90.

Mchere. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku, sipuni yaing'ono imodzi, pa zakudya zonse. Kwathu paketi imatha ngati tikuthira kumunda. Kambale ka mchere ka patebulo tachotsa. Chomwe sindimadziwa nchoti timakyubu tokometsera ndiwo tija ndi mchere wokhawokha pafupifupi, nde timathira kyubu, mchere, kenako ine kuwazanso pambale. Soda wa mu therere ndi nkhwani nayenso ali ndi sodium yemweyo. Therere lopanda soda mayi akana kwamtuwagalu ndipo ndikuwamvetsa, tangogwirizana kuti kakhale kochepa komanso si tsiku lililonse. Tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi kambuzi zikuthandiza kuti ndiwo zisazizire.

Sikelo 87, tepi 99.

6 Julayi

Holide ya ufulu, zaka 60, ine ndili m'bulangete kulemba zolephera. Juni yense wapita m'madzi. Chiperoni chinabwera, kuzizira ndi kamvula kowaza kaja, kutsika pa Chichiri 7 koloko m'mawa kumaoneka ngati chilango nde ndimangopitirira ndi minibasi. Tiyi anakwera kufika pa makapu anayi. Kunagwa maliro kumudzi, masiku anayi, ndipo pamaliro sungauze anthu kuti ine mitanda iwiri yokha ndi masamba ambiri, umadya chomwe chabwera. Kenako ukwati wa mlamu wanga, kenako mpira ndi anzanga, mowa ndi kanyenya. Sikelo 89. Makilo awiri abwerera mwezi umodzi, omwe anatenga miyezi iwiri kuchoka.

Pofuna njira yachidule ndinagula tiyi wina wa zitsamba kwa munthu wa pa WhatsApp, akuti amasungunula mafuta a pamimba masiku 14, K25,000. Anasungunula zina. Masiku awiri ndimangothamangira kuchimbudzi, sikelo inatsika kilo imodzi ya madzi, nditamwa madzi inabwerera. Ndalama imeneyo ikanagula masamba a miyezi iwiri.

Koma chomwe chinandifooketsa zenizeni ndi china. Kumaliro kuja azakhali anakokera mayi akunyumba kuseri kwa nkhokwe nkuwafunsa motsitsa mawu, "Kodi mwana wathuyu ali bwino? Kolala yakhwepa. Munapita kukayezetsa nonse awiri? Masiku ano mankhwala alipo, musabise." Kutchalitchi nako mayi wina anandigwira dzanja nthawi yaitali nkunena kuti akundipempherera. Ndili ndi mimba ya 104 aliyense amati bwana zikuyenda, mayi akukusamalani. Ndayamba kuchira nde anthu akuyamba kundilira. Mayi zinawapweteka kuposa ine, poti kwathu kuno mwamuna akaonda mlandu umagwera mkazi, ndipo ndinaona mitanda pambale yanga yayamba kukula mwakachetechete.

Tinakhala pansi. Ndinajambula pepala la zotsatira zija nkutumiza pa gulupu ya banja, ndi mawu ochepa: sindikudwala, ndikuthawa zomwe zinagwetsa amalume. Kunali zii kwa maola angapo, kenako achimwene anga aakulu anafunsa kuti kuyezetsako ndi ndalama zingati.

Za kuzizira ndagula jekete yapakaunjika K9,000, ndipo ulendo woyenda ndausamutsira madzulo poweruka, kuchoka ku ofesi mpaka Chichiri nkukakwerera kumeneko. Mowa ndaika malire, awiri Loweruka basi, ndipo ndimapita nditadya kale kunyumba kuti fungo la kanyenya lisandipeze ndi njala.

10 Ogasiti

Ndabwereza kuchipatala. Sikelo 86.5, tepi 98. BP 142/90, ndipo kabuku kanga ka manambala a kunyumba kakuonetsa zomwezo. Adokotala anati miyezi isanu ndi umodzi yakwana, tiyambe mapilitsi, amlodipine 5 mg kamodzi patsiku. Ndinakhumudwa, ndisaname, ndimaona ngati ndalephera mayeso. Iwo akuti BP ina ndi ya kumtundu, kuyenda ndi kuchepetsa mchere kumathandiza koma sikuti kumachotsa yonse kwa aliyense, ndipo kukakamira kudikira ndi komwe kumagwetsa anthu kumunda. Anandiuza kuti ena mapazi amatupa ndi mankhwalawa, zikachitika ndibwere, ndisasiye ndekha.

Kanthu kena koseketsa. Ndinabwereka kamakina koyezera shuga kwa mnzanga, m'mawa kubaya chala, kakuti 103. Mayi anakuwa kuti tithamangire kuchipatala poti amadziwa zoti 7 ndi matenda kale. Kani makina ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo nambala ya mg/dL umangoigawa ndi 18 kuti upeze ya mmol/L. Nde 103 ndi 5.7. Onani kaye timalemba tating'ono pambali pa nambala musanadzutse aneba.

28 Sepitembala

Palibe zambiri. Kuyenda kwakhazikika, m'mawa ndi madzulo masiku ambiri, pa sabata ndikupitirira mphindi 200. Tiyi sipuni imodzi, ndipo tsiku lina mwana anandithirira atatu molakwitsa ndinalephera kumaliza. Ndazindikira kuti ndikagona mochedwa chifukwa cha foni, mawa lake ndimafuna zotsekemera tsiku lonse, nde foni ikumagona pabalaza. Mapazi sanatupe. Kutentha kwayamba, botolo la madzi likumatha isanakwane 2 koloko.

14 Novembala

Ndinasankha dala lero, tsiku la matenda a shuga padziko lonse, kukatenga zotsatira. Kuyezetsa kwakwera, K46,000. Sikelo 84.5, ndendende pomwe ndimafuna. Shuga wa m'mawa 5.4. Triglycerides 1.6. HDL 1.2. BP 128/82 koma ndi mapilitsi, nde adokotala akuti imeneyo timaiwerengabe kuti ilipo. Tepi 96, yatsala 2 cm kuti ndifike pa 94 ndipo yakakamira pamenepo kuyambira Okutobala. Pa zisanu zija ndatsala ndi ziwiri.

Ndalama zonse zomwe ndalemba m'kabuku, kuyezetsa kawiri, tepi, nsapato ndi kusoketsa, makina ndi lamba wake, jekete ndi tiyi wachinyengo uja, zakwana K210,500, osawerengera mapilitsi. Zosafunika pamenepo ndi K39,000, tiyi ndi lamba. Ya tchipisi yomwe sindikutulutsanso yabweza zonsezo kalekale, ngakhale sindikuiona komwe ikupita.

Kutsogoloku kuli mango, ndipo ine ndi mango sitidziwana malire, anesi akuti awiri patsiku osati beseni. Kulinso Khirisimasi ndi mpunga wa mafuta. Achimwene anakayezetsa, BP yawo inali yoposa yanga, pano akumandiimbira kufunsa za mgaiwa, alamu anga sakundilankhula bwinobwino. Loweruka ndikupita ndi mathalauza anayi kwa atelala akabweze m'chiuno, akuti K2,500 lililonse, ndawauza kuti nsalu yotsalayo asadule, angoipindira mkati kaye mpaka tione Januwale.